Mutu 6: Aune Ayankha Alimi

1. Malamulo awiri

Chaka cha 1908 ife a ku Astoria tinachita zopusa, ndipo wofuna kukwiya akwiye. Ndinalipo ine Sanna Pernu, ndinaona ndi maso angawa.

Mtsinje wa Columbia ndi umodzi, koma odyapo tinali magulu awiri. Kuno kumunsi, kumene mtsinje umathira m'nyanja, amuna athu ankagwira nsomba za salimoni ndi maukonde. Kumtunda, ku mathithi, anthu ena olemera anamanga magudumu aakulu ozungulira ndi madzi. Gudumu limangotunga nsomba lokha, mwini wake ali gone m'nyumba.

Ife tinkati magudumu akutha nsomba. Iwo ankati maukonde ndiwo akutha nsomba. Nsombazo sizinafunsidwe kanthu, zinkangochepa chaka ndi chaka.

Tsono kwathu ku Oregon anthu wamba akafuna lamulo sadikira aphungu. Amalilemba okha, n'kupeza anthu okwanira olisainira, basi lalowa pa pepala lovotera kuti Oregon yonse iyankhe inde kapena ayi. Bungwe la asodzi athu linalemba lamulo lotseka magudumu. Eni magudumu atamva sanagone tulo. Analemba lawo, loletsa kuponya ukonde usiku.

Ha! Pamenepo anatigwira pakhosi. Masana salimoni imauona ukonde n'kuulambalala. Msodzi wa ukonde ukamuletsa usiku, ndiye kuti wamulanda bwato, wamulanda ndi mbale ya ana ake yomwe.

Mmodzi wa asodziwo anali mlongo wanga Eljas. Mkazi wake anamwalira kale n'kumusiyira mwana mmodzi, Aune, amene ndinalera ine. Eljas analibe munda, analibe luso lina, ndipo poti ife tinali obwera kuchokera kutsidya kwa nyanja, Chingerezi ankadziwa cha moni chokha. Moyo wake wonse unali bwato limodzi ndi ukonde umodzi. Lamulo la akumtunda likanati lidutse, bwatolo likanangosanduka nkhuni.

Vuto linali lakuti ovota ambiri sanali asodzi. Anali alimi a kuchigwa, anthu oti salimoni amaidziwa ili kale m'chitini. Panafunika munthu wokawanyengerera m'Chingerezi chomveka, ndipo amuna athu akayamba Chingerezi ngakhale galu amapendeketsa mutu. Choncho maso onse anagwera pa Aune, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wophunzira sukulu konkuno, wosaopa maso a anthu.

2. Chenjezo la amalume

Mkulu wa bungwe la asodzi anali Kusti Tolonen, mlongo wawo wa malemu mayi ake a Aune. Anali munthu wathupi, wa mawu ogwedeza mawindo, ndipo chibadwire anali asanalakwepo, malinga ndi kunena kwa iye mwini.

Anatipeza pathandala loyanikapo maukonde. Aune ankasoka pamene chitsa cha pansi pa madzi chinang'amba, bambo ake akumangirira zoyandamitsa.

"Mwana wa mlongo wanga, siya chingwecho, undimvere," anatero Kusti. "Mawa ukwera sitima ndi azakhali akowa kupita kwa alimi. Ukakafika kumeneko si iwenso Aune ayi, ndiwe pakamwa pa asodzi onse a mtsinje uno. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Ndiye mawu ako akakhale awa okha: magudumu akutha nsomba. Ukatero ukakhale pansi.

"Alimi ndi anthu a mafunso, hatchi amagula atayamba aiyang'ana mano. Akakufunsa kuti nanga maukonde anu bwanji, iwe uziti ukonde ndi wosalakwa, umangotola zochepa zodyetsa ana. Akati mabwato alipo ochuluka bwanji, uziti ndi owerengeka. Akakupanikiza kwambiri, lira. Misozi ya mtsikana imakolola mavoti kuposa pakamwa pa loya."

"Malume, mabwato ndi owerengeka?" anafunsa Aune. "Dzulo lomweli kumathiriro kunali kothina. Munthu akanatha kuwoloka mtsinje wapansi, kumangoponda bwato ili, bwato ilo."

"Ndakufunsa?"

"Simunandifunse."

"Ndiye tseka pakamwapo, utsegule makutu. Iyi ndi nkhondo, mwanawe, ndipo pankhondo mdani samuonetsa pamene pali bala. Akumtunda akunama usana ndi usiku, ali ndi makina osindikizira mabodza awo. Ife tili ndi chiyani? Iwe basi. Ine ndakula, ndaona anthu anzeru za kusukulu akugona ndi njala choonadi chili m'kamwa. Choonadi sapaka pa buledi. Inu ana a masiku ano mumati tsabola wakale sawawa, koma ndikukuuza, ukakapotoza lilime kumeneko wodzalira si ine. Ndi bambo akowa. Tawayang'ana manjawo. Zala zinapindikira ku chingwe, angakagwire ntchito yanji ina? Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndatsina."

Aune anayang'ana bambo ake. Eljas sanadzutse mutu. Mlongo wangayo mawu amachita ngati ogula, ndipo tsiku limenelo zinandinyansa kwambiri.

"Upite bwino, ukabwere bwino," ndi zokhazo zimene ananena.

Aune anatola chingwe chake. "Ndikawauza kuti avomere lathu, akane la akumtunda. Zimenezo ndikanena ndi mtima wanga wonse. Koma zolirazo, Malume, mukalire nokha."

Ine kuseka kunandipulumuka. Kusti anandiyang'ana ndi diso loipa, ine n'kumubwezera lomwelo.

3. Funso la mlimi wa mapulamu

Tinayenda pa sitima mpaka tinafika pakatauni kena ka kuchigwa. Holo ya alimi inali yodzaza, ikununkha udzu wouma ndi thukuta la akavalo. Amuna anakhala kutsogolo zipewa zili pamaondo, akazi awo kumbuyo ndi madengu a zakudya.

Aune anakwera pansanja atavala diresi lake la kutchalitchi. Aa, mwana analankhula ameneyo! Anawauza za gudumu losagona, lotunga ndi nsomba zomwe zikupita kukaikira mazira. Anawauza za amuna amene nyanja imameza chaka chilichonse kumathiriro, ndi za akazi amasiye a mumsewu mwathu. Amayi ena anayamba kupukuta m'maso. Ine ndinati basi, tawina, tiyeni tizipita.

Ndiye kunadzuka bambo wina wamtali, woonda, wa ndevu zotuwa. Anati dzina lake ndi Orrin Beckwith, amalima zipatso za mapulamu.

"Mwana wanga, walankhula bwino," anatero. "Koma masiku apitawa, pomwe waimapo panaima bwana wina wa kumtunda, wa wotchi yagolide. Iye anati nsomba zikutha, tipulumutse nsomba. Lero iwe ukuti nsomba zikutha, tipulumutse nsomba. Nyimbo ndi imodzi, oimba ndinu awiri. Ine ukonde sindinaugwirepo, gudumulo sindinalionepo, koma pepala likufuna kuti ndiweruze. Ndiye ndikufunsa ngati mwana wanga, undiyankhe pamaso pa Mulungu. Maukonde a bambo ako sakutha nsomba?"

Ndinakhosomola mwadala, koma mwanayo sanandicheukire n'komwe.

"Akutha, bambo," anatero Aune.

Anthu anayamba kung'ung'udza. Aune anakweza mawu.

"Akutha ndithu. Ndili wamng'ono bambo anga ankabwera bwato litalemera mpaka madzi kufika m'milomo mwake. Lero amabwera ndi zoti ine ndekha ndinganyamule. Mabwato achuluka, maukonde atalika. Nsomba imene yatipulumuka ife imakagwera m'gudumu. Tonse tikudya mtsinje umenewu. Koma tamverani! Magudumu ndi a anthu ochepa, oti ngakhale ataima sadzagona ndi njala. Maukonde akudyetsa tauni yonse. Ngati mukufuna kuchepetsa mabwato, kapena kutipatsa masiku opumitsa mtsinje, lembani lamulo lotero, ine ndidzabwera kudzalilankhulira. Koma lamulo la akumtundali si lochepetsa ayi, ndi lotipha. Vomerani lathu, kanani lawo."

Beckwith anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zikomo, mwana wanga. Mwa onse amene aima pamenepo, wandiuza zoona ndi iwe wekha. Tsopano ndadziwa chochita. Mtengo wanga ukagwidwa mbozi kumizu ndi kunsonga komwe, sindichiza mbali imodzi. Ine ndivomera onse awiri."

"Onse awiri?" anakuwa Aune. "Mukatero mwatseka mtsinje wonse!"

"Nsomba zipumeko," anayankha wina kumbuyo, ndipo holo yonse inaseka n'kuwomba m'manja.

Aune anamenya phazi pansanja. "Mukuseka chiyani? Inu mukagoneka munda mumakhala ndi munda wina wolima. Bambo anga mtsinje ali nawo umodzi!"

Ena anasiya kuseka, ena anayang'ana pansi. Koma mawu a Beckwith anali atalowa kale, chifukwa kwa mlimi anali omveka ngati dzuwa. Pambali pa nsanja ndinaona mnyamata wa nyuzipepala akulemba mothamanga, lilime lili panja.

Pobwerera m'sitima ndinalephera kupirira.

"Mwanawe, wautaya mtsinje."

"Anandifunsa, Azakhali. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ine ndikanakomoka. Munthu wokomoka samufunsa mafunso."

Sanaseke. Anangoyang'ana pawindo, nsagwada italimba, mpaka tinafika.

4. Yudasi wa diresi

Titangolowa m'nyumba Aune anawauza yekha bambo ake zonse, osabisa kanthu. Eljas anali akumwa khofi, kashuga atakapana m'mano monga mwa chizolowezi chake. Anamvetsera mpaka pamapeto, n'kutsiriza khofi wake, n'kutuluka kupita ku bwato. Ndinafuna kumugenda ndi kapu yomweyo.

Sipanatenge nthawi, nyuzipepala inatuluka ndi zilembo zikuluzikulu: MWANA WA MSODZI WAVOMERA, MAUKONDE AKUTHA NSOMBA. Zina zonse zimene ananena anazidula. Eni magudumu anasangalala ngati atola chikwama. Anasindikiza mawuwo pamapepala n'kuwamata m'masiteshoni ndi m'masitolo a kuchigwa konse.

Mumsewu mwathu munavuta. Anyamata okhala pakhomo la nyumba yosambira ya anthu onse ankamudikirira kuti adutse.

"Uyo akubwera Yudasi wa diresi!"

"Aune, akulipira zingati akumtunda?"

"Musamuvute, akukwatiwa ndi gudumu ameneyu. Ana ake azidzayenda chozungulira!"

Aune ankaima n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. "Amene akuti ndinanama abwere apa, anene kuti nsomba zikuchuluka. Bwera iweyo wa pakamwa pakuluwe. Dzulo unagwira zingati?"

Panalibe amene ankabwera. Koma kutukwana sikunathe, ndipo akazi anzanga anasiya kundibwereka ngakhale mchere. Ena anakachotsa maukonde awo amene Aune ankasoka, osamaliza.

Kusti anabwera kunyumba osavula ndi chipewa chomwe.

"Ndinakuuza kapena sindinakuuze? Mawu a akulu amakoma akagonera, tsopano agonera, talawa. Pemphera, mwana wa mlongo wanga, pemphera kuti alimi akane lamulo la akumtunda. Likakanidwa tidzati unali ubwana, tidzaiwala. Koma likadutsa, tauni ino idzafuna munthu womuloza chala, ndipo ine sindidzaima kutsogolo kwako. Magazi ndi magazi, koma kumbuyo kwangaku kuli mabanja ambiri. Sindingamize bwato lonse chifukwa cha munthu mmodzi wosamva."

"Ndamva, Malume," anatero Aune. "Khofi mumwa?"

Kusti anamenyetsa chitseko mpaka mbale zinalira pashelefu.

5. Oregon iyankha

Tsiku lovota linafika kuchiyambi kwa Juni. Amuna anavala makolala olimba n'kupita kukaponya mavoti, ife akazi tikuwayang'ana pamakonde. Pepala linali lalitali, malamulo ambirimbiri, koma kwathu kuno aliyense ankangofuna awiri aja.

Mavoti a kumidzi yakutali amachedwa kuwerengedwa. Zotsatira zitakwanira, bungwe linaitana anthu onse ku holo yathu masana. Munadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. Aune anakana kutsala kunyumba. Anakhala pakati pa ine ndi bambo ake, ndipo benchi lathulo anthu analisiya lopanda wina.

Mlembi wa bungwe anakwera pansanja ndi uthenga wa pa lamya.

"Lamulo lotseka magudumu," anawerenga, "ladutsa!"

Mayo ine, phokoso lake! Zipewa zinauluka, amuna akuluakulu anakumbatirana, wina anayamba nyimbo. Kusti anakwezedwa pamapewa, anthu anayi akubuula pansi pake.

Mlembi anapitiriza kuwerenga malamulo ena, anthu osamvetsera kwenikweni. Atafika pa lamulo loti akazi nawonso azivota anati lagwa, ndipo amuna ena anaseka. Wina anakuwa kuti, "Mwamwayi! Onani zimene mmodzi yekha watichita asanapatsidwe votiyo n'komwe!"

Kenaka mlembi anaima. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ananso.

"Lamulo loletsa maukonde usiku," anatero ndi mawu otsika, "nalonso ladutsa."

Nyimbo inafera m'kamwa. Amene ananyamula Kusti anamutsitsa mwakachetechete. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira ngati pamaliro, ana ake n'kumutsatira. Alimi a Oregon anali atachita zimene Beckwith ananena. Anamva mbali zonse ziwiri zikulira kuti nsomba zikutha, anakhulupirira zonse ziwiri, n'kutseka kumtunda ndi kumunsi komwe.

Ndinayang'ana Eljas. Anaphimba nkhope ndi manja ake aja. Chikhalire sindinamuonepo akutero, ngakhale tsiku limene tinaika mkazi wake. Mtima unandipweteka koopsa.

Kusti anakwera pansanja nkhope ili gwaa.

"Aune Pernu! Bwera kuno."

Ndinamugwira diresi, koma anandichotsa dzanja. Anayenda pakati pa anthu, wina n'kumulavulira pansapato. Sanaime.

"Anthu onsewa ukuwaona?" anatero Kusti. "Anakutuma, anakudalira, iwe n'kukawagulitsa chifukwa chofuna kuoneka woyera pamaso pa alendo. Ndinakuchenjeza pamaso pa bambo ako, unandiyankha mwachipongwe. Lero taona. Ana awa adya chiyani dzinja likubwerali? Adya choonadi chako? Ine sindine munthu wouma mtima. Ima apa, unene kuti unanama chifukwa cha mantha, kuti maukonde sakutha nsomba, upepese. Tikalembetsa m'nyuzipepala, tikayambire pamenepo kumenya nkhondo. Ukakana, nyumba ya Pernu ilibenso malo m'bungwe lino."

"Pepesa! Pepesa!" anakuwa anthu.

Aune anadikira mpaka phokoso litatsika.

"Sindipepesa."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindipepesa, Malume. Chisoni ndili nacho, chikundidya kuposa nonsenu, chifukwa bwato limene lafa lero ndi la bambo anga. Koma sindinaname, ndipo sindinama lero kuti mugone bwino. Amene anaphunzitsa Oregon yonse kuti nsomba zikutha ndani? Ndi ine? Si inu, ndi mapepala anu, chaka chonse? Munakumbira akumtunda dzenje, iwo n'kukukumbirani lanu, alimi angobwera kudzakwirira onse awiri. Munkaganiza kuti mlimi ndi chitsiru, adzamva theka la nyimbo?"

"Tamumvani mwanoyo!" anakuwa wina.

"Inde, mundimve! Ine voti ndilibe, mwangoseka pompano kuti akazi asavote. Pepala limene latseka mtsinjewu lagwiridwa ndi manja a amuna okhaokha. Lero zavuta, mukufuna mtsikana woti asenze. Ndakana!"

Holo inaphulika. Ena anaimirira pamabenchi, ena ankagwedeza zibakera. Ine ndinali nditavula kale nsapato imodzi, ndikuti woyamba kumukhudza aona.

Pamenepo Eljas anaimirira.

6. Mawu a Eljas

Anthu anamupatsa njira, poganiza kuti akukamumenya mwanayo. Nanenso ndinaganiza chomwecho. Anakwera pansanja pang'onopang'ono n'kuima pamaso pa Aune. Phokoso linatha lokha, chifukwa panalibe amene anamumvapo Eljas akulankhula pagulu.

"Aune."

"Bambo."

"Kwa alimi kuja unanama?"

"Ayi, Bambo."

"Nanga bwato langa? Lapita?"

Apa ndiye mwanayo anasweka. Misozi imene anakaniza amalume ake inatsika yokha.

"Lapita, Bambo."

Eljas anagwedeza mutu. "Zonse ziwiri n'zoona," anatero. Anatembenukira kwa Kusti. "Alamu, mwana wanga sapepesa."

"Eljas, ganiza bwino! Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndataya kale. Mwamva nokha." Anayang'ana anthu onse, akufunafuna mawu. "Nsomba zikutha. Tonse timadziwa, timangonong'onezana m'mabwato. Ine ndinamulola mwanayu kupita ndikudziwa kuti mwamutuma bodza, ndinangoti chete. Iye sanakhale chete. Tsono lero kumtunda nakonso kuli maliro ngati ano. Gudumu laima, ukonde wauma. Chimene anthu amanga aphungu angathe kumasula, koma sangamvere anthu obwera akukokana makolala. Tikapita tokha kwa aphunguwo atithamangitsa. Akumtunda akapita okha awathamangitsa. Ine ndikupita kumtunda, ndikakhale nawo pansi."

"Kwa adani?" anakuwa Kusti. "Kwa anthu amene atipha?"

"Nafenso tawapha."

"Wapenga iwe! Ukalankhula nawo chiyani, Chingerezi cha moni chokhacho?"

Eljas anangoyang'ana mwana wake wodziwa Chingerezi uja.

Kusti anaona zimenezo, ndipo mawu ake anatsika, n'kukhala oopsa kuposa pokuwa paja.

"Aune, ndikukuuza komaliza, m'dzina la mayi ako. Kumtunda kuli anthu amene anatenga mawu ako n'kuwasandutsa mpeni. Adzakumwetulira, adzakupatsa mpando, kenaka adzakutafuna n'kukulavula. Ndipo kuno udzapeza zitseko zotseka. Aliyense wokwera sitima ya kumtunda asadzapondenso pathandala lathu, asadzandiitanenso kuti malume. Sankha."

Holo yonse inali kumuyang'ana. Aune anapukuta misozi ndi mkono wa diresi, n'kugwira dzanja la bambo ake lopindika zala lija.

"Bambo," anatero, "sitimayo imanyamuka nthawi yanji?"